Spray: boti yowola imene inazungulila dziko lonse

Mu 1892, m'tauni ya Fairhaven ku Massachusetts, kum'mawa kwa America, munali boti ina imene anthu analeka na kuiyang'ana komwe. Inali pamtunda, pakati pa udzu, patali ndithu na madzi, ataiimika pa zipika na kuiphimba na cinsalu. Inagona pamenepo zaka 7. Dzina lake linali Spray. Kale anali kuisewenzetsa pogwila nkhono za m'nyanja zimene azungu amakonda kudya, ndipo inali yakale cakuti anthu a m'delalo anali kuseka kuti inapangidwa pamene dziko linali kuyamba. Patapita zaka 6, boti imodzimodziyo inabwela kudzamangiliwa pa doko la Fairhaven itazungulila dziko lonse, ili na munthu mmodzi cabe m'kati. Kumbuyo konseko panalibe munthu amene anacitapo zimenezi ali yekha.

Ife amene tinakulila kutali na nyanja ya mcele, tikamva za maboti timaganiza za Siavonga, Samfya kapena Mpulungu, basi. Koma nkhani ya mwini wake wa Spray timaidziwa bwino ngakhale tisanaimve, cifukwa ni nkhani ya munthu amene nchito yake inafa iye akali moyo.

Joshua Slocum anabadwa mu 1844 ku Nova Scotia, ku Canada. Atate ake anali kusoka nsapato za asodzi pa cisumbu ca Brier, ndipo mwanayo anali kuzonda nchito imeneyo na mtima wonse. Ali na zaka 16 anacoka panyumba osabwelelanso, nakwela ngalawa za katundu monga wanchito wamba. Anakwela pang'onopang'ono mpaka anakhala kaputeni. Ca m'ma 1881 anali kuyendetsa Northern Light, imodzi mwa ngalawa zikulu-zikulu za matanga za ku America, ndipo anali na gawo lake mu umwini wa ngalawayo. Mkazi wake Virginia na ana awo anali kuyenda naye panyanja.

Ndiyeno zinthu zinayamba kugwa cimodzi-cimodzi. Virginia anamwalila mu 1884 ali m'ngalawa pafupi na Buenos Aires. Kumapeto kwa 1887, ngalawa yake ina, Aquidneck, imene anaikamo ndalama zake zonse, inasweka pa gombe la Brazil ilibe inshuwalansi. Pofuna kubwelela kwawo, anakhoma yekha kaboti ka mamita pafupifupi 11, nakaika m'madzi pa 13 May 1888, tsiku limene Brazil inathetsa ukapolo. N'cifukwa cake anakacha Liberdade, kutanthauza ufulu. Iye, mkazi wake waciwili Hettie na ana ake aamuna awili anayenda mamailosi oposa 5,000 m'kaboti kameneko mpaka kufika ku America. Anafika amoyo, koma m'thumba mulibe kanthu.

Vuto lalikulu silinali tsoka lake cabe. Nthawi ya ngalawa zokokedwa na mphepo inali kutha. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima za pamadzi zoyaka malasha zinayamba kulanda malonda, cifukwa zinali kufika pa tsiku lolonjezedwa kaya kuli mphepo kapena kulibe. Amalonda sakonda kuyembekezela mphepo. Makaputeni a matanga anaculuka kuposa ngalawa zowalemba nchito. Slocum, munthu wodziwa kuwelenga mitambo na nyenyezi, anapezeka akufunafuna maganyu pa madoko a Boston ali na zaka pafupifupi 48. Aliyense amene anaonako mdala wodziwa kukonza matepi na mawailesi akale atakhala cabe pa shopu yake, anyamata a mafoni akudya ndalama pafupi naye, adziwa mmene zimaonekela.

M'nyengo yozizila ya 1892, anakumana na mnzake wakale, Kaputeni Eben Pierce, amene kale anali kupha anamgumi. Pierce anamuuza kuti abwele ku Fairhaven adzam'patse ngalawa, koma ifunika kukonzako pang'ono. Slocum anapita m'mawa mwake ali na ciyembekezo, n'kupeza cibotico cili m'udzu. Zinali monga nthabwala. Anthu a pafupi atamuona akuizungulila, anaganiza kuti wabwela kudzaiphwanya kuti apeze nkhuni. Iye anawauza kuti adzaimanganso.

Apa tiyeni tiimeko, cifukwa nchito imene inacitika m'miyezi 13 yotsatila ndiyo inanyamula ulendo wonse.

Boti ya mapulanga ikakhala pamtunda imafa msanga kuposa ikakhala m'madzi. Mapulanga amauma na kufota, mipata imatseguka, mvula imalowa na kukhazikika m'makona. Madzi a mvula ndiwo mdani wamkulu, cifukwa tubowa towoletsa mitengo timakonda cinyontho copanda mcele. Pakapita zaka 7, cotsala ni maonekedwe a boti cabe. Ukabaya na mpeni, mpeniwo umalowa monga m'mbatata yophika. Conco Slocum sanataye nthawi na kumata zigamba. Anayamba pansi penipeni.

Anatenga nkhwangwa nagwetsa mtengo wa oak umene unali pafupi, kuti ukhale mtanda wapansi, umene uli monga msana wa boti. Mlimi wina anam'kokela mtengowo na mitengo ina ya nthiti pa ndalama zocepa. Mtengo wa oak womela pawokha pabwalo, umene mphepo imaukankha moyo wake wonse, umalimba ngako, ndipo tsinde la mtengo wotelo ndilo anasema kuti likhale mphuno ya boti, mbali imene imayamba kukumana na mafunde.

Nthiti za boti zifunika kukhala zopindika, koma iye anali na mitengo ing'ono-ing'ono yowongoka. Anakhoma bokosi lalitali la mapulanga, naika mphika wa madzi pamoto, nalowetsa nthunzi m'bokosimo. Mtengo wauwisi ukakhala m'nthunzi yotentha umafewa, ndipo amisili amakamba kuti inchi iliyonse ya kunenepa kwake ifuna ola limodzi. Akautulutsa, pamakhala mphindi zocepa cabe kuti aupinde usanazizile. Slocum anali kuupinda pa cipika na kuumangilila mpaka uume uli wokhota. Nthiti imodzi-imodzi, tsiku na tsiku. Anali kucotsa yakale na kuikapo yatsopano pamalo omwewo, cakuti boti yakale inali kum'patsa muyeso wa boti yatsopano. Analibe mapepala a pulani. Pulani inali cibotico.

Cimene anasintha ni kutalika kwa m'mbali. Boti yogwilila nkhono imasewenza m'madzi osaya, pafupi na gombe, ndiye imakhala yaifupi m'mbali kuti anthu azikoka katundu mosavuta. Slocum anakweza mbali zake na masentimita 30 pakati, na kuposapo kutsogolo na kumbuyo. Munthu sacita zimenezo ngati afuna kumangozungulila pa doko.

Kunja anakhoma mapulanga a paini ya ku Georgia, onenepa inchi imodzi na hafu. Sanadalile misomali yokha. Anabowola na kumanga na mabauti odutsa mbali zonse, omangitsa na manati, ndipo m'boti yonse munalowa mabauti pafupifupi 1,000. Kumbukilani kuti panalibe dililo ya magetsi. Bowo iliyonse anaibowola na manja. Pamwamba poyenda anthu anayala timapulanga twa paini yoyela pa mitanda yonenepa mainchi 6, ndipo mlongoti wonyamula matanga unali mtengo wa spruce wocokela ku New Hampshire.

Ndiyeno panabwela nchito imene imasiyanitsa kalipentala wa matebulo na mmisili wa maboti: kutseka mipata ya pakati pa mapulanga. Amatenga thonje na ulusi wa zingwe zakale wonyikidwa m'phula, n'kumaukhomela mumpata na kacitsulo kafulati na nyundo ya mtengo. Ukakhoma mopepuka, boti idzadontha. Ukakhoma mopitilila, mapulanga akamwa madzi na kufufuma adzakankhana mpaka kusweka kapena kuzula mabauti. Dzanja na khutu ndizo zimauza mmisili kuti pakwana. Pansi pake anapakapo penti ya kopa kawili, kaamba ka nyongolotsi za m'nyanja zimene zimabowola mapulanga m'madzi ofunda monga mmene ciswe cimadyela mitengo ya denga.

Sanali yekha pamalopo, olo kuti nchito anali kugwila yekha. Tsidya lina la mtsinje wa Acushnet kuli New Bedford, tauni imene inalemela na mafuta a anamgumi mpaka palafini atabwela kudzaipha malonda. Conco m'delalo munali makaputeni ambili okalamba opanda cocita. Anali kubwela kudzakhala pafupi, kusimba za ku Arctic, na kupeleka malangizo amene palibe anawapempha. Ena anali kukamba kuti thonje lidzatuluka m'mipata. Ena anali kufunsa ngati nchitoyo idzabweza ndalama. Timawadziwa anthu awa. Ukangoyamba kukonza motoka pa yadi, amafika.

Ndalama zikatha, Slocum anali kuleka n'kupita kukagwila ganyu pa ngalawa za anamgumi pa doko, kenaka n'kubwelela. Pamapeto pake anawelengela kuti zipangizo zonse zinadya madola 553.62, ndalama zoposako pang'ono malipilo a caka cathunthu a munthu wosewenza m'fakitale masiku amenewo. Boti inatuluka yotalika mamita 11.2, monga basi ikulu ya pa Inter-City, ndipo m'mimba mwake inali mamita 4.3. Inalowa m'madzi mu 1893.

Lomba funso ni ili: kodi imeneyi inali Spray yakale kapena boti ina? Pa mitengo yakale panatsala zocepa kwambili. Funso limeneli n'lakale kuposa Slocum. Wolemba mbili wacigiriki, Plutarch, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga ngalawa ya Theseus kwa zaka zambili, akumacotsa pulanga lowola na kuikapo latsopano, mpaka anthu anzelu anayamba kukangana ngati ikali ngalawa imodzimodzi. Ife tili na Corolla ya amalume imene anasintha injini, giyabokosi, zitseko na penti, koma nambala ni yomweyo ndipo banja lonse likali kuichula dzina lomwelo. Slocum sanavutike nazo. Anatsatila mwambo wa panyanja wakuti ngalawa yokonzedwa pang'onopang'ono, olo ifike pokhala yatsopano yonse, imasunga dzina lake. Kwa ife, cimene cinapulumuka m'udzu muja ni kaumbidwe ka thupi la boti, kamene mmisili wina wosadziwika anakapeza zaka zambili kumbuyo. Ndipo kaumbidweko kanali na cinsinsi cimene ngakhale Slocum anacidziwa pambuyo pake.

Poyamba anayesa usodzi, koma sizinayende. Pa 24 April 1895, ali na zaka 51, ananyamuka ku Boston. Analibe injini, analibe wailesi, ndipo sanali kudziwa kusambila. Nkoloko yake yodula ya panyanja inali kufuna madola 15 kuti aikonze, ndalama zimene analibe, ndiye anagula kankoloko ka cikopo ka dola imodzi, kosweka kumaso. Anawoloka Atlantic kufika ku Gibraltar, ali na colinga codzela ku Suez. Kumeneko asilikali a panyanja a Britain anam'cenjeza za acifwamba a m'njila imeneyo. Anatembenuka, nawolokanso Atlantic kaciwili kupita ku Brazil.

Mayeso enieni a mabauti aja anali kumunsi kwa South America, pa mpata wa Magellan, kumayambililo kwa 1896. Atavutika milungu ingapo n'kutulukila ku Pacific, cimphepo cinam'gwila na kum'kankhila kum'mwela, kufupi na Cape Horn, kwa masiku angapo. Matanga anang'ambika. Anapulumuka usiku pakati pa miyala, nalowanso mu mpata womwewo kudzela njila ina, n'kuyambilanso. Thupi la boti silinatseguke. Anatuluka kaciwili mu April, ndipo m'cigawo cimeneci ca ulendo ndimo anawonjezela kamlongoti kang'ono kumbuyo kuti boti izimvela bwino.

Pali kankhani kocuka ka kumeneko, kakuti usiku anali kumwaza tumisomali twa kapeti pamwamba pa boti kuti eni dziko, amene anali kuyenda opanda nsapato, abayike akabwela kudzaba. Azungu akhala akuseka kankhani aka kwa zaka zoposa 100. Ife sitiseka kwambili. Anthu a ku Tierra del Fuego pa nthawi imeneyo anali kutha, kuphedwa na matenda obwela na alendo komanso mfuti za oweta nkhosa na ofuna golide. Slocum anali kuwaona monga mmene azungu ambili a m'nthawi yake anali kuonela anthu ngati ife, ndipo anawaombelako mfuti.

Cinsinsi ca kaumbidwe kaja cinaonekela bwino pa nyanja ya Indian. Spray inali yotakata, ya msana wautali, ndipo matanga akaikidwa bwino inali kuyenda mowongoka yokha ciwongolelo cili comangilila. Mu 1897, kucoka pa cisumbu ca Thursday kumpoto kwa Australia kufika ku zisumbu za Cocos Keeling, mamailosi 2,700, anatenga masiku 23, ndipo malinga na kuwelengela kwake anagwila ciwongolelo maola atatu cabe. Nthawi ina yonse anali kuphika, kusoka matanga, kuwelenga mabuku na kugona. Popanda khalidwe limeneli, munthu mmodzi sakanakwanitsa, cifukwa palibe amene angakhale maso zaka zitatu. Pa Cocos Keeling pomwepo boti inagunda mwala wa m'madzi. Mwalawo unang'ambika, mphuno ya oak ija inatsala bwino.

Pa 17 November 1897 anafika ku Durban. Kumeneko anakumana na Henry Morton Stanley, uja anapeza David Livingstone ku Ujiji mu 1871. Stanley anali atabwela kum'mwela kwa Africa kudzaona kutsegulidwa kwa njanji yofika ku Bulawayo, njanji imene inadzafika ku Victoria Falls mu 1904 na ku Broken Hill, Kabwe wa lelo, mu 1906. Nthunzi imene inacotsa Slocum nchito panyanja inali panjila yobwela kwathu pamtunda. Stanley anafunsa cimene cingacitike boti ikagunda mwala, popeza ilibe zipinda zotsekeleza madzi. Yankho la Slocum linali lakuti nchito ya woyendetsa ni kuonetsetsa kuti isagunde.

Anakwelanso sitima ya pamtunda kupita ku Pretoria, kumene anam'peleka kwa Paul Kruger, pulezidenti wa Transvaal. Kruger anali kukhulupilila kuti dziko n'lafulati. Malinga na kusimba kwa Slocum, atamva kuti mlendoyu akuzungulila dziko, mkuluyo anakwiya, nakana kuti zimenezo sizingatheke, munthu angayende cabe m'dziko, osati kulizungulila. Kukambilana kunathela pomwepo.

Anacoka ku Cape Town pa 26 March 1898. Pa cisumbu ca St Helena anam'patsa mphatso ya mbuzi, imene inadya mapu ake a ku West Indies pamodzi na cisoti cake. Anaitsitsa pa cisumbu cotsatila. Pa 27 June 1898, usiku, analowa pa doko la Newport ku Rhode Island, atayenda mamailosi oposa 46,000, kapena kuti makilomita oposa 74,000. Kuti timvetse, ni monga kuyenda msewu wa Lusaka kupita ku Chipata maulendo oposa 120. Panalibe cikondwelelo. America inali pa nkhondo na Spain, doko linali lochela mabomba a m'madzi, ndipo manyuzipepala anali otangwanika na zina. Ena anakayikila ngati anayendadi, mpaka ataona mapepala a boti odindidwa m'madoko a dziko lonse. Pa 3 July anapita nayo ku Fairhaven, naimangilila pa cikhomo cimene anaimangililapo tsiku loyamba kulowa m'madzi.

Buku lake, Sailing Alone Around the World, linatuluka mu 1900 ndipo likali kusindikizidwa mpaka lelo. Linam'patsa ndalama zogulila famu pa cisumbu ca Martha's Vineyard mu 1902. Koma ulimi unam'kana. Nyengo yozizila ikafika anali kukwela Spray yekha kupita ku zisumbu za Caribbean. Zaka zake zothela sizinali zokongola. Mu 1906 anamangidwa ku Riverton, New Jersey, pa mlandu wocita zosayenela kwa kamtsikana ka zaka 12, ndipo anakhala m'ndende masiku 42. Okonda kum'tamanda amalumpha tsamba limeneli.

Boti nayo inali kukalamba kaciwili. Boti ya mapulanga siikonzedwa kamodzi n'kuiwala. Caka ciliconse ifunika kuitulutsa m'madzi, kuipala, kufufuza powola, kukhomanso thonje na kupakanso penti. Mdala amene anapinda nthiti iliyonse na manja ake analeka kucita zimenezi mosamala. Anthu amene anaiona m'zaka zimenezo anasimba za boti yauve, ya zingwe zakutha na matanga a zigamba, yodontha.

Ananyamuka komaliza ku Vineyard Haven mwezi wa November, atauza anthu kuti afuna kukayendela mitsinje ya Orinoco na Amazon ku South America. Palibe amene anamuonanso, ndipo sipanapezeke olo pulanga limodzi la Spray. Mu 1924 khoti inalengeza kuti anamwalila, niika 14 November 1909 kukhala tsiku la imfa yake. Miyeso ya thupi la boti inali itajambulidwa kale na kusindikizidwa kumapeto kwa buku lake, ndipo kucokela pa mizele imeneyo anthu m'maiko ambili akhoma maboti awo, ena a mapulanga, ena a citsulo, amene akali kuyenda panyanja na dzina lakuti Spray.